Mwana Wanga, Usanagule Bezi Yotchipa Ija

Mwana wanga, nkhani yoti ukufuna kugula gitala ya bezi yandipeza, ndipo ndamvanso kuti anzako akuseka ndalama zako. Akuti zimene wasungazo n'zongokwanira kabezi ka ana, bola udikire mpaka udzapeze ya dzina lalikulu. Ine ndikuti gula. Bezi yotchipa ndi yokwanira kuyambira, ndipo ambiri amene mumawavinira lerowa anayambira pa zida zochepa kuposa imeneyo. Koma usangotola mawu amodziwa n'kulawirira ku shopu mawa m'mamawa. Zotchipa zilipo mitundu iwiri. Ina imaphunzitsa munthu, ina imamuthawitsa nyimbo mpaka kalekale, ndipo zonse ziwiri zikakolekedwa pakhoma zimanyezimira chimodzimodzi.

Choyamba, usamvere oti dikira. Chida chilichonse cha mtundu umenewu chimachokera kunja, ndiye mtengo wake umatsata dola, osati thumba lako. Unaona wekha ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene ankasunga ndalama pansi pa pilo kuti adzagule chida chapamwamba anadzuka tsiku lina chidacho chitawathawa ulendo wautali. Komanso zala zimaphunzira msanga munthu akadali wamng'ono, asanakhale ndi banja, lendi ndi ana odwala usiku. Zaka ziwiri zodikira bezi yodula ndi zaka ziwiri zimene mnzako wogula yotchipa wakhala akuimba tsiku ndi tsiku. Mukadzakumana pa bandi, palibe adzafunse kuti yako unagula zingati.

Usanyengedwenso ndi bezi ya kutchalitchi, kuti paja ilipo kale. Imeneyo imakhala yotsekeredwa m'kachipinda, kiyi ali ndi mkulu wa kwaya, ndipo umaigwira Loweruka masana pamene woimba weniweni wachedwa. Iye akangolowa umaipereka. Munthu saphunzira chida pochigwira kamodzi pa mlungu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Bezi yogona m'chipinda mwako, imene ungaitole usanapite kuntchito kapena utabwera kusukulu, idzakuphunzitsa zambiri kuposa yabwino kwambiri imene ili kuseri kwa loko wa eni ake.

Kuti mtima ukhale pansi, imva za anthu amene anakutsogolera. Aston Barrett, uja ankatchedwa Family Man, woimba bezi mu bandi ya Bob Marley, bezi yake yoyamba anachita kukhoma yekha ku Kingston ndi thabwa la pulayiwudi, ndodo yokolekapo makatani ndi kambale kotayirapo phulusa la fodya. Paul McCartney wa The Beatles anagula Höfner yake mumzinda wa Hamburg mu 1961 pa ndalama pafupifupi mapaundi 30, chifukwa ya Fender sakanaikwanitsa, ndipo dziko lonse linamudziwa atanyamula mtundu womwewo. Bakithi Kumalo wa ku South Africa, amene bezi yake imamveka mu chimbale cha Graceland cha Paul Simon cha mu 1986, anafotokozapo kuti anayamba kuimba bezi yopanda mafureti, tizitsulo topingasa pakhosi pa gitala tija, chifukwa ndi imene inali yotchipa m'sitolo, ena onse ankaikana.

Ndipo usapite kutali. Kuno kwathu kuli babatoni, chibezi cha nsambo imodzi chimene anthu amapanga okha ndi mtengo, chikopa ndi waya. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amaimba yake ndi kamtengo ndi botolo. Yobu Maligwa wa Madalitso Band anayambira nayo m'misewu ya Lilongwe, mu 2017 n'kukaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, kenako n'kuzungulira nayo mayiko a ku Ulaya. Kale a Kachamba, Daniel ndi Donald, nyimbo zawo za kwela zinkayenda pa bezi ya bokosi ya chingwe chimodzi. Ngati nsambo imodzi inakweza anthu ndege, iwe ukuchita manyazi ndi nsambo zinayi chifukwa choti n'zotchipa?

Palinso chifukwa china chimene ndikulimbira mtima. Zotchipa za masiku ano si zija tinkaziona ife tili anyamata, zimene nsambo zake zinkakhala kutali ndi khosi moti kuimba nyimbo imodzi dzanja linkachita dzanzi. Chiyambire pamene Leo Fender anatulutsa Precision Bass mu 1951, kapangidwe ka bezi sikanasinthe kwenikweni, koma kasemedwe kake kanasintha. Lero matabwa amadulidwa ndi makina oyendetsedwa ndi kompyuta, ndiye muyeso umatuluka wofanana kaya chidacho ndi chodula kapena ayi. Makampani akuluakulu nawonso anatsegula nthambi za anthu oyamba kumene. Fender ili ndi Squier kuyambira mu 1982, Gibson ili ndi Epiphone, Ibanez ili ndi mtundu wa GIO, ndipo Yamaha ndi Cort amapanganso zotsika mtengo zimene oimba amazilemekeza. Zambiri mwa izi zimapangidwira ku Indonesia ndi ku China, choncho usaope ukaona mayina a mayiko amenewa kumbuyo kwa mutu wa gitala. Kunja zatsopano za mtundu umenewu zimagulidwa cha m'madola 200 mpaka 300 a ku America, pamene Fender yopangidwa ku America komweko imapitirira madola 1,000. Ndalama zapamwambazo zimagula thabwa losankhidwa, zitsulo zolimbirako, utoto wosalala ndi nthawi ya mmisiri amene anakhala pansi n'kuikonza bwinobwino isanatuluke m'fakitale. Zonsezo n'zabwino, koma khutu la munthu woyamba silingazisiyanitse, ngakhalenso la mpingo umene ukukumvera.

Tsopano imva za mtundu wachiwiri uja. Pali mabezi opanda mwini, olembedwa dzina limene palibe analimvapo, ofiira ngati tomato, obwera ndi kachikwama, kalamba ndi kakebulo zonse pamtengo wosekesa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Thabwa lake nthawi zambiri limakhala losauma bwino, ndiye ikatha nyengo imodzi ya dzinja khosi limapindika. Makiyi otchunira sagwira, ukatchuna nyimbo isanathe yasokonekera. Choopsa n'chakuti woyamba sadziwa kuti vuto ndi chida. Amaganiza kuti iyeyo ndiye alibe mphatso, amaiponya pamwamba pa wadirobu, n'kumauza anthu kuti zoimba si zake. Ndawaona anyamata a khutu labwino atasiya choncho, ndipo zimandipweteka mpaka lero. Chenjeranso ndi yolembedwa Fender koma mtengo wake uli wa njinga yakapalasa. Dzina limamatidwa ndi aliyense. Bola Squier yoona kusiyana ndi Fender yabodza.

Chifukwa chake usapite wekha kokagula. Safunsa anadya phula. Pita ndi munthu amene waimba bezi zaka zambiri, kaya ndi wa kutchalitchi kwanu kaya wa bandi ya m'dera lanu, umupemphe mwaulemu ndipo umulipirire minibasi ndi chakumwa. Ndalama imeneyo sinatayike. Iye akaigwira mphindi zochepa adziwa zimene iwe ukanadzazizindikira patatha miyezi, wogulitsa atasamuka kale. Mukafika, iwe khala chete, maso ndi makutu zigwire ntchito. Wogulitsa akakana kuti muiyese ndi ampu, chokuzira mawu chija, tulukani. Palibe wogulitsa katundu wabwino amene amaopa kuti katunduyo alire.

Chinthu choyamba kuyang'ana ndi khosi, ndipo apa ndichedwapo chifukwa bezi yonse ili pamenepa. Nsambo zinayi zija zikamangidwa zimakoka khosi ndi mphamvu yaikulu usana ndi usiku, ndiye m'kati mwa khosi anaikamo ndodo yachitsulo, oimba amati truss rod, yolimbana ndi kukokako. Inyamule beziyo, uike diso kumutu kwake, uyang'ane motsetsereka mpaka kuthupi. Kupindika pang'ono cha pakati si vuto, kumafunika kumene, ndipo ndodo ija imakuwongola. Koma ukaona kuti khosi lapotoka, mbali ya nsambo yaikulu yakwera pamene ya nsambo yaing'ono yatsika, ibwezere pakhoma ngakhale akuchotsere theka la mtengo. Khosi lopotoka silichira. Kenako dina nsambo yaikulu pa fureti yoyamba ndi pa yomaliza nthawi imodzi, mnzakoyo ayang'ane pakati. Mpata wa pakati pa nsambo ndi fureti ukhale wongolowa kakhadi kopyapyala. Ukakhala woti chala cha mwana n'kulowa, pemphani kuti ndodo ija ipotokoledwe pang'ono ndi kasipanala kake, muone ngati ikuyenda. Ikakhala yogwira dzimbiri kapena mutu wake unadyeka, imeneyo si bezi, ndi nkhuni zopaka utoto.

Ukadzafika nayo kunyumba, ndodo imeneyi usamaiseweretse. Imapotokoledwa pang'onopang'ono, gawo limodzi la magawo anayi a kuzungulira, kenako umadikira thabwa limve. Anyamata ambiri amaithyola tsiku loyamba chifukwa choonera kanema mmodzi pa YouTube n'kudziyesa amisiri.

Chachiwiri ndi kutalikirana kwa nsambo ndi mafureti. Pa fureti ya nambala 12, nsambo yaikulu ikhale pamwamba ndi mamilimita awiri kapena atatu basi. Ikakwera kuposa apo udzamenyana nayo, zala zidzatupa, mkono udzawawa, ndipo udzazolowera kufinya mwamphamvu, chizolowezi chimene chimavuta kuchisiya. Ikatsikitsitsa idzalira ngati nyenje. Dina fureti iliyonse pa nsambo iliyonse, kuyambira kumutu mpaka kumapeto, usadumphe ngakhale wogulitsa ayambe kuyang'ana wotchi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yendetsanso dzanja m'mbali mwa khosi. Ngati nsonga za mafureti zikukanda, mmisiri angazipale, koma uchotsetse mtengo.

Chachitatu, imva ngati ikunena zoona. Nsambo za bezi zimatchunidwa E, A, D, G kuyambira yaikulu. Ika m'foni mwako pulogalamu yotchunira, zaulere zilipo zambiri. Liza nsambo osadina paliponse, kenako uidine pa fureti ya 12. Mawu ake akhale omwewo, kungoti apamwamba. Akasiyana pang'ono, pali tizitsulo kumunsi kumene nsambo zimakhalira timene timasunthidwa ndi sikuludiraiva, ndipo zimakonzeka. Akasiyana kwambiri tizitsuloto titafika kale kumapeto, mafureti anakhomedwa pamalo olakwika. Bezi yotere idzakuwonongera khutu, ndipo mu bandi woimba kiyibodi adzakhala akukuyang'ana ndi diso lofiira iwe osadziwa chimene walakwa.

Zamagetsi usazione ngati phiri. Tembenuza timabatani ta voliyumu ndi toni, gwedeza kebulo polowera pake. Kuthetheka ndi kudukiza nthawi zambiri ndi fumbi kapena waya wosomphoka, ndipo wokonza mawailesi pamsika amalumikiza ndi mtovu wake mphindi zochepa. Timaginito timene timatola kulira kwa nsambo, ma pickup aja, timasinthika ukadzapeza ndalama. Makiyi otchunira amasinthikanso. Utoto wokalika usakudandaulitse n'komwe, umatsitsa mtengo koma sutsitsa mawu. Chimene usalole ndi mng'alu pamene khosi lalumikizana ndi thupi kapena kumutu. Pomaliza ivale ndi lamba uimirire. Bezi imalemera pafupifupi makilogalamu anayi, ndipo mapemphero a kwanu ndikuwadziwa kutalika kwake. Ngati mutu wake ukugwera pansi ukangoisiya, dzanja lako lamanzere lidzakhala lonyamula katundu m'malo moimba.

Tsopano za ndalama. Kulakwa kwa ambiri n'kuthira zonse pa gitala, n'kubwera nayo kunyumba ili duu. Bezi yamagetsi payokha imangonong'ona. Ikufuna ampu, kebulo, lamba ndi chikwama, ndipo ikufuna mmisiri woti aikonze koyamba, awongole khosi, atsitse nsambo, aike mawu m'malo mwake. Bezi yotchipa yodutsa m'manja mwa mmisiri imaimbika bwino kuposa yodula imene yangotuluka m'katoni. Nsambo zimene zimabwera ndi zida zotchipa nthawi zambiri zimakhala zachabe kapena zachita dzimbiri m'sitolo, ndipo nsambo za bezi n'zodula kuposa za gitala wamba. Choncho gawa ndalama zako usanatuluke pakhomo, ndipo ya gitala isapitirire magawo awiri a magawo atatu. Ngati zikatero sizikukwana bezi ya dzina lodziwika, onjezera miyezi ingapo yosunga. Kudikira kumeneko ndikuvomereza.

Ampu ikhale ya bezi. Nsambo yaikulu ija imanjenjemera maulendo pafupifupi 41 pa sekondi, mawu otsika kwambiri amene amafuna sipika yokankha mpweya wambiri. Ukailowetsa mu ampu ya gitala wamba kapena mu wailesi ya bambo ako ya pabalaza n'kukweza, sipika idzang'ambika, ndipo mlandu wake usadzabwere nawo kwa ine. Yophunzirira m'nyumba ya mawatsi 15 mpaka 25 ndi yokwanira. Yoimbira pamodzi ndi ng'oma za bandi imafuna mawatsi 100 kapena kuposa, koma imeneyo si ya lero, pakuti kutchalitchi ndi ku mabandi ambiri bezi imalowa mu mikisa yawo. Sankha ampu yokhala ndi polowetsa mahedifoni. Palinso tizipangizo ting'onoting'ono ta batire tolowetsa mu gitala momwemo n'kumamvera m'makutu, tothandiza magetsi akathima kapena ngati kwanu sanafike. Ena adzakuuza kuti ugule bezi ya bokosi yosafuna magetsi. Imeneyo mawu ake ndi ochepa, ng'oma imodzi yokha imaimiza, ndipo mapeto ake udzafunabe ampu.

Pa zamagetsi pomwepa ndikweza mawu, chifukwa apa pali imfa. Magetsi athu ndi a mavoti 230, pamene a ku America ndi 120. Wachibale akakutumizira ampu yochokera kumeneko, werenga zolembedwa kumbuyo usanailowetse pakhoma, apo ayi idzafuka utsi tsiku lomwelo. Chachikulu, pulagi yathu ili ndi mano atatu, ndipo dzino lalitali lija ndi limene limatengera magetsi osochera kunthaka. Usalithyole, usalowetse mawaya opanda pulagi mu soketi n'kutsekera ndi timitengo ta machesi monga ndimaonera pa maukwati. Nsambo za bezi ndi zachitsulo ndipo zimalumikizana ndi ampu. Ampu ikawonongeka m'kati, magetsi amadzera m'nsambo, n'kudutsa mwa iwe, makamaka utaponda simenti yonyowa opanda nsapato kapena milomo itagunda maikolofoni. Keith Relf, amene ankaimba mu bandi ya The Yardbirds ku England, anafa choncho mu 1976 akuimba gitala kunyumba kwake. Ukamva kakuluma m'zala kapena pamilomo, zimitsa zonse pompo, uitane wodziwa zamagetsi. Osati mawa.

Ndikudziwa kuti maso ako ali pa ya nsambo zisanu, chifukwa anyamata oimba nyimbo zauzimu masiku ano ndi imene akunyamula. Pa ndalama zakozi, tenga ya zinayi. Pa mabezi otchipa nsambo yachisanu ija, ya B, kawirikawiri imakhala yolobodoka, mawu ake osamveka bwino, khosi limakhala lotambalala, ndipo nsambo zake n'zodula komanso zovuta kupeza. Nyimbo za Motown zimene dziko limaimbabe, James Jamerson anaziimba pa nsambo zinayi, kawirikawiri ndi chala chimodzi. Pewanso yofuna batire ya mavoti 9 m'mimba mwake ngati ilipo ina yosafuna. Ya batire ukaiwala kuzula kebulo usiku imadya batireyo, ndipo imakonda kufa pakati pa nyimbo, Lamlungu, magolosale ali otseka. Ngati manja ako ndi aang'ono, kapena ukugulira mng'ono wako, funsa yaifupi. Bezi wamba nsambo zake zimatalika masentimita 86, yaifupi 76, ndipo si ya ana ayi, Höfner ya McCartney ija ndi yaifupi.

Yogwiritsidwapo kale ntchito usainyoze. Nthawi zambiri ndi mmene munthu wa ndalama zochepa amapezera chida chabwino, ndipo khosi limene lapirira zaka zingapo osapotoka laonetsa kale khalidwe lake. Koma funsa kumene yachokera. Zida za m'matchalitchi ndi za mabandi zimabedwa, ndipo wogula katundu wakuba amagona m'chitolokosi limodzi ndi wakubayo. Mtengo ukatsika mopitirira muyeso, wogulitsa akufuna mukumane madzulo kuseri kwa depoti, siya. Mulemberane kapepala, pakhale mboni, ulembe nambala ya gitala imene imakhala kumutu kapena pachitsulo cha kumbuyo. Usatumize ndalama pafoni kwa munthu wa pa Facebook amene wangokuonetsa chithunzi. Ukatuma wachibale wa ku Joni, muuze dzina ndi mtundu weniweni, umupemphe apite ndi woimba, ndipo uwerengeretu ndalama ya basi ndi msonkho wa pachipata. Ailonge bwino, chifukwa pansi pa basi pamakhala mafiriji ndi matumba, ndipo khosi la gitala silipikisana ndi firiji.

Ngongole ya katapila usatenge chifukwa cha gitala. Usagulitse feteleza, usadye fizi, usanamize amayi ako kuti ndi ndalama ya mayeso. Chaka choyamba bezi sidzakubweretsera ngakhale tambala, idzangokudyera nthawi ndi nsambo. Ngakhale oimba odziwika m'dziko muno, ambiri ali ndi ntchito ina kapena munda. Apa ndi pamene yotchipa imaposa yodula poyera. Ukadzapeza kuti mtima wako sunali pamenepo, pakuti zimachitika ndipo si tchimo, udzagulitsa Yamaha kapena Squier yako n'kubweza gawo lalikulu la ndalama. Yopanda dzina ija palibe adzaifune, ndipo yodula yogula pangongole idzakusiya ukubweza chinthu chimene chili pansi pa bedi.

Ukagula, isamale. Samba m'manja usanaigwire, makamaka ukadya kanyenya kapena tchipisi, ndipo ukamaliza pukuta nsambo ndi kansalu kouma, chifukwa thukuta ndi mafuta ndi zimene zimapha mawu ake. Nsambo zikafooka ndalama palibe, oimba akale ankazichotsa n'kuziwiritsa m'madzi mphindi zingapo, kuziumitsa bwino n'kuzibwezera. Zimatsitsimuka kwa kanthawi, koma usabwereze kambirimbiri, zimadzaduka. Usaisiye padzuwa, m'galimoto yotseka kapena pafupi ndi malata mu October. Dzinja usaigoneke pansi pa simenti. Nyengo ikasintha khosi limasuntha pang'ono, usadabwe, ndi thabwa. Usaitsamiritse pakhoma pomwe ana akuthamanga. Za kubwereketsa, udzadana ndi anthu, koma khasu lobwereka silikhala kuthyoka. Amene akuifuna abwere aimbire pakhomo pako, kapena upite nayo wekha.

Ndipo uziimba, mwana wanga. Mphindi 30 tsiku lililonse zimaposa tsiku lathunthu kamodzi pa mwezi. Milungu yoyamba nsonga za zala zidzatuluka matuza, kenako zidzalimba. Usayambe ndi zothamanga. Ndikudziwa mumafuna kukhala Alick Macheso, mfumu ya sungura ya ku Zimbabwe imene mizu yake imafika kuno kwathu ndipo imaimbanso m'Chichewa, koma iye uja anakhala zaka zambiri kumbuyo mu Khiama Boys ya Nicholas Zakaria asanayambitse Orchestra Mberikwazvo. Ntchito ya bezi n'kugwirana ndi ng'oma yaikulu ya kuphazi kuti ena onse apeze poponda. Mvetsera rege ya ku Chileka ya Black Missionaries, mvetsera Alleluya Band ya ku Balaka, mvetsera kalindula wa ku Zambia, uone mmene bezi imabwerezera chinthu chimodzi osatopa ndi mmene imasiyira mpata. Woimba bezi amene amasunga nthawi, amafika msanga pa pulakatisi ndipo sakangana ndi mtsogoleri wa kwaya, sasowa bandi, ngakhale chida chake chikhale chokalika. Wothamangitsa zala koma wosamva ng'oma amaitanidwa kamodzi.

Kumbukiranso anansi. Mawu a bezi amadutsa khoma kuposa a chida china chilichonse, moti iwe ukamati watsitsa, agogo a nyumba yachitatu akumva m'chifuwa. Usiku vala mahedifoni. M'mudzi mukagwa maliro, ampu izime mpaka anthu atabwera kumanda. Makolo ako akati kaye ukatunge madzi, ika gitala pansi upite, chifukwa tsiku limene adzaione ngati mdani wa ntchito zapakhomo, m'nyumbamo simudzakhalanso mtendere wa kuimba.

Yodula idzabwera nthawi yake, ndipo udzaidziwa. Si tsiku limene mnzako wagula yatsopano, koma pamene udzatha kunena ndi pakamwa pako chimene bezi yakoyi ikukukaniza, kaya ndi phokoso pojambula mu situdiyo, kaya nyimbo za bandi yanu zikufunadi nsambo yachisanu, ndiponso pamene ndalama yogulira idzachokera m'kuimba komweko. Ngakhale pamenepo, yoyambayo usaitaye, idzakhala yopita nayo ku maukwati a kumudzi ndi yophunzitsira ang'ono ako. Pakali pano pita ukapeze woimba wamkulu uja, mupangane tsiku, ndipo ukagula ubwere nayo kuno ndidzaone khosi lake ndisanamve nyimbo.